Mpando wa Kuseri kwa Benchi

Lolemba, 10 Epulo 2017

Abambo aimba masana. Akubwera Loweruka kudzaonera gemu, tikiti ya sitima agula kale. Tsiku lathunthu panjira kuchokera ku Fushun, ndi msana wawo uja unathera mumgodi wa malasha. Ndawauza kuti kuno kummwera kwayamba kutentha, adikire kaye, koma angoseka. Ati mwana wawo wayamba magemu onse anayi a ligi yaikulu, ndiye iwo azingomvera kwa anthu?

Ndayambadi onse anayi. Mphindi 17, mphindi 14, mphindi 12, mphindi 9. Izi sindinawauzepo.

Lachiwiri, 11 Epulo

Maphunziro a mpira m'mawa. Anyamata andilonjera monga mwa masiku onse: "Chiphaso, wadzuka bwanji?" Ndaseka nawo, nanga nditani.

Dzinali silolakwika. Lamulo la chaka chino likuti timu iliyonse iziyamba ndi wosewera mmodzi wa dziko lino wobadwa 1994 kapena pambuyo pake. Silinanene kuti asewere nthawi yaitali bwanji. Ndiye ine ndimalowa, oyimbira aona kuti lamulo latsatidwa, kenaka bolodi ikwera ndi nambala 29, achimwene Meng, mkhalakale wa timu yathu, alowa m'malo mwanga. Iwo amayamba kutenthetsa thupi wenzulo yoyamba ikangolira. Ndimawaona ndi kona ya diso, akuthamangathamanga m'mbali mwa bwalo, ine ndisanakhudze n'komwe mpira.

Kutimu yanga yakale ya ligi yachiwiri ndinkasewera mphindi 90 sabata iliyonse, pa bwalo la zigamba, oonerera osakwana zikwi zitatu. Timu ino inandigula ndi ndalama zokwana mayuani 18 miliyoni mu Febuluwale. Abambo anaphikitsa phwando la matebulo khumi ndi awiri, anzawo onse a kumgodi anabwera, ena anafika polira. Ine ndinkayesa agula miyendo yanga, kumeneko agula chaka changa chobadwa.

Nthawi ya gemu abambo amakhala ali pageti la msika pamene amalondera. Ndikhulupirira amangoona mndandanda wa oyamba pafoni, ndi zigoli pamapeto. Loweruka aona zonse ndi maso awo.

Lachitatu, 12 Epulo

Ndalimba mtima. Ndapempha a Bian, omasulira, kuti akandinenere kwa kochi wathu wakunja uja: andilole kusewera chigawo choyamba chokha, kamodzi kokhaka, abambo anga akubwera kuchokera kutali. A Bian anayamba ausa moyo, kenaka anapita.

Kochi anandiitana. Walankhula nthawi yaitali m'chinenero chake, dzanja lili paphewa langa, a Bian n'kumasulira mawu ochepa chabe. Akuti ndine mwana wabwino. Akuti mwini timu analipira mayuani 400 miliyoni kugula Valdinei wa ku Brazil, ndipo Valdinei amagoletsa akamapatsidwa mipira ndi Meng. Sabata yatha tinafanana mphamvu, Lolemba mlembi wa abwana waimba kale kawiri. Akuti iye mwini akangogonja kawiri motsatizana ntchito yatha, akwera ndege kubwerera kwawo.

Potuluka ndinafunsa a Bian zomwe anasiya osamasulira. Ati, "Zinazo n'zachisoni chabe, mng'ono wanga, sizikuwonjezera mphindi."

Valdinei ndinakumana naye pakhomo, wophika wake akumutsatira ndi mabokosi a chakudya. Anandimenya pamsana mwachikondi n'kutchula nambala yanga. Miyezi iwiri tsopano, dzina langa salidziwa. Sindimuda. Mpira amautha, ndiye pamene pakuwawira.

Lachinayi, 13 Epulo

Ndawapezera abambo tikiti ya pamwamba, pa mipando yofewa ya alendo a kampani, pomwe amapereka tiyi. Akana. Akufuna mzere wa pansi, kuseri kwenikweni kwa benchi yathu. Ndawauza kuti pamenepo mpira suoneka bwino, umangoona mitu ya anthu kudzera m'pulasitiki wa denga la benchi. Ati ndi pomwepo. Makani a munthu wa kumgodi.

Lachisanu, 14 Epulo

Achimwene Meng anadzakhala pafupi nane pa chakudya cha masana. Ali ndi zaka 33, mawondo onse awiri anang'ambidwapo. Nkhani yanga aimva kwa a Bian.

"Yifan, mawa zingwe za nsapato zanga zivuta kumanga," atero, maso ali m'mbale. "Ukalamba. Manja amanjenjemera."

Ndinati asadziike m'mavuto chifukwa cha ine. Ati mavuto ake ati, mphindi ziwiri kapena zitatu, kuposa apo kochi awadya amoyo. Kenaka anatola nyama ya m'mbale mwawo n'kuika mwanga, ngati ndine mwana.

Ndinaganiza zonamizira kuvulala kuti ndisalowe n'komwe. Koma wina wa msinkhu wanga alipo, akungodikira. Akalowa iye, ine ndatha.

Loweruka, 15 Epulo

Afika m'mawa, atavala jekete lija la paukwati wa achemwali, m'kutentha konseku. Anyamula botolo lalikulu la kabichi wowawasa wa amayi, alifukata ulendo wonse. Achepa thupi. Ndinafuna kuwauza tili m'takisi, koma ndinalephera.

Gemu 3:30. Anthu zikwi makumi anayi, ng'oma, mbendera zofiira. Potuluka m'chipinda sindinayang'ane kuseri kwa benchi.

Mpira ndaukhudza katatu. Kachitatu ndinalanda bwino pakati n'kupatsira kumanzere, anthu ena anaomba m'manja. Mphindi ya 8 ndinaona kochi akukodola Meng. Achimwene Meng anagwada n'kuyamba kulimbana ndi zingwe, kumasula, kumanganso, kochi akukalipa pamutu pawo. Mphindi ya 11 bolodi inakwera. 29.

Masapota a timu inayo anayamba kuimba kuti ndaweruka msanga, ndikagwire basi. Mtunda wochoka pakati pa bwalo kufika pabenchi ndi waufupi, koma lero ndauyenda ngati ndasenza thumba la malasha. Ndinakhala pampando wanga wa kumapeto n'kudziphimba thaulo kumutu, monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinkadziwa kuti ali kumbuyo kwanga, mwina mamita atatu. Sindinacheuke mpaka gemu kutha.

Tapambana 2-0, zonse Valdinei. Panja abambo anangoti, "Tiye tikadye." Adya bwino, afunsa za mtengo wa nyumba kuno, adandaula kuti anthu a kummwera saika mchere. Za mpira sanatchule. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 16 Epulo

Ndawaperekeza kusiteshoni, chikwama changa cha maphunziro chili paphewa poti masana tili ndi zolimbitsa thupi. Tinakhala m'kanyumba kodyera, ola lathunthu sitima isananyamuke. Ndinati, "Bambo, zadzulo zija si koyamba."

Anapitiriza kuuzira tiyi wawo. Kenaka anawerenga, pang'onopang'ono: "17, 14, 12, 9. Dzulo 11. Mnzako wa nsapato uja ukamuthokoze."

Anandifotokozera zonse. Kumeneko anagula kawailesi yakanema kakang'ono n'kukaika m'kanyumba ka pageti, gemu iliyonse amaonera okhaokha. Anzawo a phwando lija onse akudziwa, palibe amene amatchula, iwonso satchula. Ndinafunsa chimene avutikira ulendo wonsewu, ndi msana umenewo, kudzaona zimene akuzidziwa kale.

"Ukangotuluka, kamera imapita kwa M'brazil uja," anatero. "Sakuonetsanso. Ine ndimatsala mphindi makumi asanu ndi atatu ndikuyang'ana galasi, osadziwa kuti mwana wanga ali bwanji. Amayi ako amandifunsa ngati umalira. Ndilibe chowayankha. Ndiye ndinati ndikaone ndekha."

"Ndiye mwaona chiyani?"

"Thaulo."

Misozi inandituluka pomwepo, pamaso pa anthu akudya. Abambo anayang'ana kumbali mpaka nditamaliza.

"Anagula chaka chako chobadwa, chabwino, achigwiritse ntchito," anatero. "Nkhope imeneyo ndi yathu, palibe anailipira. Ukatuluka uzikhala tsonga, uzionera mpira. Thaulo lija lili m'chikwamamo?"

Ndinati lilimo.

"Bweretsa. M'sitima mumazizira."

Ndinawapatsa. Analipinda kanayi n'kulikoleka m'khosi pamwamba pa jekete la ukwati, chizindikiro cha timu chili kutsogolo. Pageti sanacheuke, anangokweza dzanja.

Sitima yanyamuka 11:40. Lachisanu tili ndi gemu ya kutali, ndipo pamndandanda wa oyamba dzina langa lilipo.