Mizere ya Kuseri kwa Matailosi

Lachisanu, 9 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti tikupuma fumbi, chifukwa ntchito ya kukhitchini ija munkati ndi ya pakamwa chabe yayambika. Paipi ya pasinki inakhala ikudontha mkati mwa khoma, ndiye ndinaitana mmisiri kuti achotse matailosi obiriwira aja anaika malemu Abambo, asinthenso mabolodi amene anawola.

Mmisiriyu ndi bambo wolongolola, nyundo ili m'manja pakamwa sipatseka. Koma Lachiwiri, atafika pakhoma la pafupi ndi chitseko, ndinangomva zii. Kenako anandiitana.

"Mayi, taonani. Matailosiwa sanamatidwe pakhoma lenileni. Anayamba akhomerapo bolodi lina lopyapyala. Amene anachita izi ntchito ankaidziwa, sanafune kuti guluu akhudze zam'katizi."

Atazula misomali, khoma lakale linaonekera loyera bwinobwino, lili ndi mizere ya pensulo. Mukukumbukira mmene Abambo ankatiimikira pakhoma tsiku lobadwa, n'kulemba msinkhu ndi chaka? Mizere yanu ilipo, pamwamba analemba kuti Mkulu. Pambali pake pali ina, ndipo analembapo kuti Kanyerere. Ndinaseka, misozi ili m'maso, poona dzina limene Abambo ankandiitana, limene mpaka lero nonse simunalisiye ngakhale ndamera imvi.

Kuseka kunatha nditawerenga zaka. Mizere ya Kanyerereyo ndi inayi, ndipo wotsiriza unalembedwa kutatsala chaka kuti ine ndibadwe. Umandilekeza m'chiuno. Ndipamene ndinakumbukira kuti ine Abambo ankandiyezera pachitseko cha kuchipinda, ndipo matailosi aja ndinawapeza alipo kale.

Achemwali, chaka chimenecho inu munali ndi zaka zisanu ndi zitatu, musandiuze kuti simukudziwa. Ndakwiya nanu, sindibisa. Zaka zonsezi mumandiitana dzina la mwini wake, osaphethira n'komwe.

Ndiulule kulakwa kwanga. Mukudziwa kuti mutu wa Amayi umapita n'kubwerera masiku ano, ndipo adokotala anati tisamawadzidzimutse. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinawagwira dzanja n'kuwabweretsa kukhitchini. Sanadabwe. Anasisita mzere wotsiriza uja n'kunena kuti, "Mwachita bwino kumutsegulira. Munali mopanda mpweya umu."

Kuyambira tsikulo sachoka m'khitchini. Amakoka mpando n'kukhala moyang'ana khoma, pakati pa zidutswa za matailosi. Dzulo masana ndikuyanika zovala ndinamva akuitana, "Kanyerere, Kanyerere," ndi mawu ofewa amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinathamanga n'kuvomera kuti, "Wawa, Amayi." Anandiyang'ana ngati mlendo wolowa osaodira.

"Sindikuitana iwe," anatero.

Ndawasambitsa mayi amenewa zaka zisanu ndi chimodzi, Achemwali. Ndinabwerera kukamaliza kuyanika.

Lero m'mawa mmisiri anasowa pensulo yake, ija amaipachika kukhutu. Tinaipeza pansi pa khoma lija. Pamwamba pa mzere wachinayi pali wachisanu, wakuda bii, wowongoka ngati wolemba ndi rula, kutalika kwake zala zitatu kuchokera pa unzakewo. Inu mukudziwa kuti Amayi sangathe kugwira kapu osataya madzi. M'nyumba muno tilimo awiri basi, ndipo ine sindinalembe.

Mmisiri anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuyamba kulongedza zida zake.

"Mabolodi atsopano ndawasiya pakhonde, mayi. Ndibwera Lolemba likudzali. Koma khoma ili ndilitseka pokhapokha a m'banja mutagwirizana. Ine kutsekera munthu sindinaphunzire."

Ndiye ndikupempheni, ndipo musandiyankhe zozungulira monga mwa chizolowezi chanu. Anali ndani mwanayu? Chinamutenga n'chiyani, ndipo anagona kuti, poti kumanda kwa Abambo sindinaonepo kamtumbira? Ndikatseka khomali ndikuopa kuti Amayi ndiwapha ndi chisoni kachiwiri. Ndikalisiya, ndikuopa kuti sadzandizindikiranso, ndipo ndikuopanso kulowa m'khitchini mwanga ndekha, dzuwa likuswa mtengo. Chimene ndikufuna kudziwa kwenikweni ndi ichi: pamene Amayi ankandinyamula ndili khanda, ankaona ine kapena uja?

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mankhwala a miyendo anatumiza aja afika. Ana muwapsompsone, ndipo muziwaitana maina awoawo. Ndisanatseke kalatayi ndinafunsa Amayi ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Amwetulira, ati ndikuuzeni kuti mng'ono wanu wayambanso kukula. Ponena zimenezi sankayang'ana ine.

Ndine,
mng'ono wanu winayo.