Sikuluu Imene Amalume Sanaione

Amayi, kodi kumeneko kwakucherani bwanji?

Kuno ku Nathenje tilipo. Chimanga chachita bwino, ngakhale anankafumbwe ayamba kale kulawa. Mng'ono wanga Lonje wabereka mwana wamkazi. Akamalira amakwinya nkhope ngati mmene munkachitira inu magetsi akazima makina ali pakati pa ntchito.

Nkhani yondidya mtima ndi ya alongo anu, amalume a ku Mitundu. Nkhata za pamanda panu zisanafote, anabwera ndi lole kudzanyamula makina athu opangira mapaipi. Akuti katundu wa mlongo wawo ndi wa banja, ndipo mwini mbumba ndi iwo. Mwini mbumba uti, Amayi? Si omwewa ankakusekani kuti ndinu mayi wa kudzala, pamene munkatolera zigubu zosweka m'misika kuti tizigaye? Ndinalira mpaka mawu anatha, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire.

Koma chifukwa cha phuma sanasuzumire m'mimba mwa makinawo. Sikuluu, chitsulo chachitali chopotana chija, ndinali nditaisolola kuti ndipale pulasitiki wopserera, sabata imene munagonekedwa m'chipatala. Anatenga mtondo, munsi unatsala kwa ine.

Atazindikira, anachita manyazi kubwera. Anapita ku Lilongwe n'kukagula ina yakale, osafunsa kuti yachokera m'makina otani. Inali ya makina a masikuluu awiri, aja amalumana mano posakaniza ufa wa pulasitiki ndi utoto. Athu aja ndi a sikuluu imodzi. Anapeza wowotcherera zitsulo, anaisema, anaikakamiza mpaka inalowa.

Mukukumbukira mmene munkandiphunzitsira, chala chanu chikuyenda m'mizere ya sikuluu yathu? Kumene timathira zidutswa mizere ndi yozama, kuti imeze zambiri. Ikamapita kutsogolo imanka nichepa, n'kumafinya pulasitiki kukhoma lotentha mpaka asanduke phala, kenako n'kumukankha mofanana kukamwa kumene paipi imatulukira. Munkati, "Esinati, moto umangothandiza, chimene chimasungunula pulasitiki ndi kupanikizika." Yawoyo ilibe mnzake wolumana naye, ndiye imangotakasa. Mapaipi akutuluka a mabuluma, kwina kochindikala kwina kopyapyala, ndipo alimi a m'madimba akangolumikiza pampu, mapaipiwo amaphulika. Mlimi wina anawabwezera amalume mpukutu wonse pakhomo, anthu akuona. Ndinaseka, Amayi, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Sabata yatha anatuma akazi awo ndi nkhuku kudzafunsa ngati pali chitsulo china chimene chinatsalira. Nkhuku tinadya. Ndinawauza kuti m'nyumba ya anamfedwa zinthu zimasowa.

Musaganize kuti ine ndikupeza bwino. Ndikugulitsa tomato pamsewu, ndipo alimi a ku Malingunde amene ankagula kwa inu ayamba kupita kwina. Lonje akuti ndingopereka sikuluuyo, mwina amalume angandilembe ntchito. Ine kukhala wantchito pa makina amene inu munagula ndi msana wanu?

Sikuluu ndaipaka girizi, ndaikulunga m'masaka. Amalumewo abweze makina masana, tsiku la msika, iwo akuyenda kumbuyo kwa lole, ndipo adzagwade pamanda panu. Akakana, ndikulonjeza kuti ndidzabwera nayo ndekha paphewa, ndi khasu, ndidzaikwirire pambali panu. Ndi yanu, Amayi, mudzaisunge ndinu.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Esinati