Mazira Opserera a Kapitawo

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi bondo lija likuwalola kuyenda? Musawamvere akamati lapola, mukuwadziwa nokha kuti ngakhale akutsimphina amati ali bwino. Ine kuno thupi lilibe vuto, kudya ndikudya, kugona ndikugona. Koma pali zina zimene pafoni zimandikanika kunena, n'chifukwa chake ndati ndikhale pansi ndilembe.

Za ukapitawo munamva kale. Ndinakuuzani mosangalala, ndipo sindinaname, ndinasangalaladi. Kuntchito kwathu kochapa nsalu za m'mahotela kuja, amene ankatiyang'anira anapuma, ndiye manijala anasankha ine. Anandipatsa makiyi a kosungira sopo ndi mankhwala, yunifomu ya mtundu wina, ndi kachipinda kagalasi pakona, koti ndikakhala pampando ndimaona makina onse ndi anthu onse. Chimene sindinaganize n'choti nawonso amandiona, ndili ndekhandekha m'galasimo ngati katundu wa m'sitolo.

Kuti mumvetse bwino ndiyambe ndi nkhani ya mazira. Pagulu lathu pali chizolowezi chimene ndinachipeza. Aliyense pobwera m'mawa amatenga dzira limodzi kunyumba n'kuika m'kabeseni pamwamba pa kabati. Nthawi ya tiyi ikakwana, amene tsikulo ndi lake amaswa onse n'kukazinga pa kasitovu kamagetsi kuseri kwa makina oumitsira. Timadyera m'chiwaya momwemo, choimirira, aliyense akunyema buledi wake n'kumatapa. Mbale kulibe. Wochedwa amapeza chiwaya chikuwala.

Ine tsiku langa silinkafika. Ndinakazingapo kamodzi ndili mlendo, gulu lonse n'kugwirizana kuti zimenezo zisadzachitikenso. Dalaivala wathu, amene amanyamula nsalu kupita nazo ku mahotela, ananena kuti mazira angawo asungidwe, adzamatire tayala likadzabooka. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kutsuka chiwaya, ndipo ndinkainyadira. Inu simungadabwe. Si ndinu munanditcha Napsereza ndili wamng'ono, mukumati ine ndikhoza kupsereza ndi madzi omwe?

Mukumukumbukira Wailesi, mnzanga uja anandisunga nditangofika? Ndinagona pansi m'chipinda chake mpaka nditapeza changa, ndipo ntchitoyi anandipezera ndi iye. Dzinalo tinamupatsa chifukwa pakamwa pake sipatsekeka, amayamba kulankhula asanavule n'komwe jekete. Tsiku langa la mazira ankalitenga ndi iye, akukazinga uku akundinyoza kuti mwamuna wodzandikwatira ayambe waphunzira kusala kudya. Dzina munandipatsa lija ndinamuuza ndekha tsiku lina, ndipo analikonda kuposa langa lenileni.

Achemwali, Wailesi wazima.

Tsiku loyamba la ukapitawo ndinabwera ndi dzira langa monga mwa nthawi zonse. Itakwana nthawi ya tiyi, ndisanadzuke n'komwe pampando, Adona, mayi wachikulire amene amasita, anagogoda pagalasi atanyamula mbale yamaluwa yovundikira ndi inzake. Mbale imeneyo sindikudziwa kumene anakaitenga. Anaiika patebulo ndi manja awiri, n'kunena kuti abwana asavutike kubwera kuseri, kukutentha. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke. Anali atandigawira pakati penipeni, pofewa, pamene kale tinkalimbirana. Ndinadya ndekha, ndikumva anzanga akuseka kuseri kwa makina. Nditapita kuti ndikatsuke chiwaya, anandilanda, ati manja a kapitawo sagwira mafuta.

Mpaka lero zili choncho. Palibe amene wandichitirapo mwano, mwina akanatero ndikanadziwa poyambira. Ndikalowa nkhani imaduka, wina amayamba kupinda nsalu yopindapinda kale. Ndikatuluka nkhani ija imalumikizidwa. Ulemu woterewu umazizira, achemwali, ndipo sungakadandaule kwa munthu kuti anthu akundilemekeza.

Kenako panabwera za Lamlungu. Mahotela sapuma, ndiye munthu mmodzi amayenera kubwera kudzachapa. Kapitawo wakale ankadziwa kuti Wailesi amaimba kwaya, sankamuika. Ine ndinamva m'mphepete kuti anthu akuti tsopano Wailesi zake zayera poti mnzake wakwera. Ndinachita mantha. Kuti ndionetse kuti sindikondera ndinamuika iye Lamlungu, kenakonso Lamlungu linalo. Mumtima ndinkati abwera kudzandikalipira monga amachitira, tikangana, ndimufotokozera, zitha. Iye anangoima pakhomo pa kachipinda kaja manja ali kumbuyo, n'kuvomera kuti wamva, abwana. Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Tsiku lina sokisi yofiira inalowa m'makina a Wailesi pamodzi ndi nsalu zoyera, zonse n'kutuluka zofiirira. Zoterezi zimachitika. Kale tinkabisirana, n'kubwereza mwakachetechete ndi mankhwala oyeretsera kapitawo asanaone. Nsaluzo ndinazipeza zitakwiriridwa pansi pa zinzake m'ngolo, aliyense maso ali kumbali. Ndipamene ndinazindikira kuti wobisiridwa tsopano ndine. Ndinatsekula kosungira kuja, ndinaika mankhwala pambali pa makina ake, n'kubwerera m'galasi mwanga.

Chimene chandikhazika pansi kulemba kalatayi ndi ichi. Manijala anandiitana n'kundiuza kuti Wailesi wapempha kuti amusamutsire ku nthambi ina ya kampani, kutsidya kwa tauni. Akuti poti ndine womuyang'anira, akudikira mawu anga mwezi uno usanathe. Ndikakana, ndiye kuti ndamumanga ndi ukapitawo womwewo umene akuuthawa. Ndikavomera, ndamutaya. M'tauni muno anthu ndi ambiri, koma amene angagogode pakhomo panga osayamba waimba foni ndi iye yekha.

Nditaganiza ndinaona kuti polowera ndi pachiwaya pomwe paja. Ndinati ngati andiletsa kutsuka, ndipempha tsiku langa lokazinga, poti kapitawo akapempha palibe angakane. Ndiye ndinayamba kuphunzira kunyumba.

Chipinda changa simunachione. Muli bedi, mpando umodzi, kasitovu ka mbale imodzi, ndi zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Ndikaweruka ndimavula nsapato, kenako ndimaswa dzira. Ine ndinkayesa dzira ndi chinthu chophweka, poti ngakhale ana amakazinga. Bodza. Ukachulutsa moto, pansi pamada pamwamba pakadali madzi. Ukachepetsa, limamwa mafuta n'kukhala ngati siponji. Ukati utembenuze, theka limatsalira pachiwaya, lamatirira ngati lalipira lendi. Tizigoba nato timagweramo, ukamatithamangitsa ndi supuni timathawa. Ndinayesanso kuwiritsa kuti mwina ndiyambire pafupi, loyamba linaphulika m'madzi, lachiwiri linatuluka mkati muli mobiriwira.

Mayi wa pagolosale anandifunsa ngati ndalandira alendo, poona mmene ndikugulira mazira. Ndinati eya, chifukwa kunena zoona kunandichititsa manyazi. Mphaka wa eni nyumba anabwera kamodzi, ananunkhiza n'kubwerera. Choncho ndimadya ndekha zolakwika zangazo, nditakhala pabedi, ndikumvera mapazi a anthu a chipinda chapamwamba. Pali tsiku lina dzira linatembenuka bwinobwino, lathunthu, ndipo ndinacheuka kuti ndionetse munthu. Kumbuyo kwanga kunali chitseko.

Sabata yathayi ndinalimba mtima. Ndinatuluka m'galasi muja nthawi ya tiyi n'kunena kuti lero akazinga ndine. Anayang'anizana. Adona anayamba kunena kuti abwana asadetse yunifomu, koma ndinali nditatenga kale kabeseni. Kukazinga dzira limodzi uli wekha n'kosiyana ndi kukazinga a gulu lonse anthu akukuyang'ana. Mchere ndinathira, n'kuiwala kuti ndathira, n'kuthiranso. Kasitovu ka kuntchito n'kaukali kuposa kanga, ndiye pamene ndinkachotsa tizigoba utsi unali utayamba kale. Zimene zinatuluka, achemwali, zinaposa zija za tayala. Ndinaika chiwaya pakati, mumtima ndikusekerera, chifukwa ndinkadziwa kuti apa ndiye andimaliza.

Anadya. Ananyema buledi, anatapa, anatafuna mwakachetechete. Dalaivala uja, amene kale ankandinyoza ngakhale pa tiyi weniweniyu, anameza movutikira, anamwera madzi, kenako anathokoza kuti abwana atiphikira bwino. Adona anavomereza kuti akoma kwambiri. Chiwaya chinatha chonse, ndi zopserera zomwe, popanda ndi mmodzi yemwe wokwinya nkhope. Sindinayambe ndaonapo anthu akuvutika mwaulemu chotero.

Wailesi ndiye anatenga chiwaya kukatsuka. Ndinamutsatira ndi maso. Ankapala zakuda zija ndi supuni, zikukana, akupalabe. Kenako anaima, anayang'ana chiwayacho, anandiyang'ana ine, ndipo ndinaona mawu akufika pakamwa pake. Ndimamudziwa, mlomo wake umayamba kupendekera mbali imodzi akafuna kundinyoza. Ndinadikira. Iye anawameza mawuwo n'kutsekula mpopi.

Ndinapita pakati pa makina oumitsira ngati ndikukaona china chake, ndipo ndinalira. Ubwino wa ntchito yathu ndi phokoso, komanso kumeneko aliyense maso amakhala ofiira ndi kutentha.

Komabe mlomo uja unapendekera, ndinauona ndi maso angawa. Ndagwira pomwepo. Lamlungu likubwerali ndamuchotsa, ndadziika ndekha, anene zonena anene. Ndinamupeza potulukira n'kumupempha kuti Loweruka lomaliza la mwezi abwere kwanga, osati kwa kapitawo, koma kwa munthu uja anagona pansi m'chipinda chake. Anayang'ana nsapato zake n'kunena kuti aona. Abwana sanatchule. Za kusamuka sindinamufunse, ndipo manijala sindinamuyankhe. Ngati atabwera n'kunena kuti akufunadi kupita, ndimulola, ngakhale zindiwawa. Ndikungofuna kuti andiuze ndi pakamwa pake pakale paja.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Ndilembereni mmene mumakazingira mazira aja munkatipatsa tikadwala, ofewa, osapserera. Mundiuze moto wake, mafuta ake, ndi nthawi yothira mchere. Anandidyetsa nthawi yaitali mnzangayu, ndikufuna kamodzi kokha adye cha manja anga popanda kuvutika. Akapsereranso, chabwino, m'chipinda muno mulibe galasi, mwina adzalankhula.

Koma musandilembere mwaulemu, chonde. Ndikutero chifukwa pafoni ulendo watha uja ndinamva amayi akuuza ana kuti akhale chete, akapitawo akulankhula. Alamu anandipatsa moni ngati akulankhula ndi mlendo wa ku ofesi. Ndipo inu, achemwali, amene simunayambe mwandisiyapo ndimalize chiganizo, munandimvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti mwamva. Ndikudziwa kuti mukundinyadira, ndipo ndikuthokoza. Koma ngati kwathunso ayamba kundivundikirira mbale, ine ndikadyera kuti?

Ndiye mundilembere monga munkandiphunzitsira kukhitchini, mukundikankha ndi chigongono kuti ndichoke ndisanaotche nyumba. Mundinene kuti ndine wamanja olemera, kuti mutu wanga umakhala kwina, kuti ndinu nokha munatenga nzeru zonse za amayi. Zonsezo ndizilandira ndi manja awiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka bondo aja asamasungire alendo. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, ndi kwa ana onse. Mwana wanu wamkulu mumuuze kuti ayambe kuphunzira kuphika panopa, asatengere mayi ake aang'ono.

Pamwamba pa kalata yanu musalembe za ukapitawo. Mulembe dzina lija. Kuno amalidziwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo wasiya kulitchula.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Napsereza