Sayirini Yandiululitsa

Achemwali a Vainess,

Mukadzuka musandifunefune, ndapita ku Hillhead, kwa Clifton. Wolakwa ndi sayirini ya ngozi ija ya kufakitale. Inu simunaimve, munali mukuliza mkonono mutaweruka kuntchito ya usiku. Ine itangolira ndinati basi dziko latha, ndifa Clifton wa kutchalitchi uja asanadziwe kuti ndimamukonda. Ndinamulembera zonse pafoni, osasiya kanthu, kenako ndinathawira panja ndi mapasipoti mujumbo. Pepani, inuyo ndinakukumbukirani nditatsika kale masitepe.

Panjapo ndinapeza a Thomson oyandikana nafe aja akuyendetsa galu wawo, mtima uli m'malo. Akuti sayiriniyo amangoiyesa Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, kuti aone ngati ikulirabe. Manyazi ake inu! Ndisanafufute uthengawo, Clifton wayankha kale: "Bwera udzanene pamaso." Ndiye ndidikirenso chiyani? Jekete yanu yofiira ija ndavala ndine.

Mapasipoti ali pamwamba pa firiji. Nyemba zapserera, mutsegule mawindo. Amayi akaimba, muwauze kuti ndapita kukafunsa za koleji.

Mwezi wamawa adzaiyesanso. Foni yanu idzakhale ndi moto kuti nanunso mudzaulule, chifukwa a Mapopa a kukwaya aja adikira mokwanira.

Mng'ono wanu,
Pempho