Phazi la pa Sitepe

Lachiwiri, 4 Juni

Adokotala akuti mwina kumapeto kwa mwezi. Abwana atuluka, koma pa chikuku. Mbali yonse yamanzere ziii, mwendo ndi mkono womwe. Pakamwa papotoka pang'ono, mawu akutuluka movutikira, koma nzeru zili bwinobwino. Nesi watsopano anaseka atamva ndikuitana mkazi wanga kuti Abwana. Ndinalephera kumufotokozera. Dzina la m'chaka chathu choyamba, lidangokanirira.

Chikuku ndabwereka kwa amayi a pasitolo, chinali cha malemu amuna awo. Tayala limodzi limalira. Ndachiimika pabalaza, chikungondiyang'ana.

Vuto ndi pakhomo. Masitepe awiri. Zaka zonsezi kukwera ndi kutsika osawaona n'komwe, lero asanduka phiri. Pafunika njira yotsetsereka. Amisiri a kuseri kwathu atchula mtengo wawo, ndangoti zikomo. Ndimanga ndekha. Ine munthu wa choko ndi cholembera, amene shelefu yanga ya mabuku idagwa Abwana akuonerera.

Lachinayi, 6 Juni

Ndimayeza pakhomo ndi chingwe. Nditagwada ndiye ndinaliona. Phazi.

Sitepe yapansi, chakumanja. Chaka chimene tinkamanga nyumbayi, simenti isanaume, Abwana adatuluka mwana ali kumsana, ndowa m'manja, n'kupondapo. Mmisiri adakalipa mpaka kuponya chipewa pansi. Iwo kuseka: "Musafute, ndasayina. Nyumbayi ndi yanga." Ndipo silidafutidwe. Zala zisanu, chachikulu chopatuka pang'ono. Mvula ikagwa mumadikha timadzi, mpheta zimadzamwa. Mwana wathu ali wamng'ono ankaikamo kaphazi kake kuti aone ngati wafika pa amake.

Sindilikwirira. Ndililambalala.

Loweruka, 8 Juni

Ndinakhoma matabwa mbali inayo, phazi n'kulisiya poyera. Kanjira kopapatiza, kakafupi. M'maso mwanga kankaoneka bwino. Alamu, achimwene awo a Abwana, anafika masana ndi thumba la simenti pa wilibala, n'kudzipereka kuti ayese. Anakhala pa chikuku, mimba patsogolo, ine kumbuyo. Chinandipulumuka m'manja tisanafike pakati. Liwiro lake! Anakathera mu mpanda wa maluwa, nsapato imodzi uko. Akudzizula minga: "Alamu, mlongo wangayu mukumutulutsa m'chipatala kapena mukumukonzera ulendo wobwererako?" Tinaseka mpaka misozi. Kenaka yanga sinafune kusiya. Alamu anayang'ana kumbali, n'kuyamba kutola misomali.

Palibe kuchitira mwina. Kuti chikuku chitsike mofatsa, njira iyenera kukhala yaitali, yotambalala, kuyambira pachitseko mpaka pafupi ndi mpopi. Masitepe onse awiri pansi pake. Phazi nalo.

Lamulungu, 9 Juni

Ndawauza Abwana. Ndinayambira kutali, za alamu ndi minga. Anaseka ndi theka la nkhope. Za phazi ndinanena ndikuyang'ana botolo la diripi. Kenaka dzanja lamoyo linapita pa mwendo wakufa uja, n'kumausisita pamwamba pa bulangete. "Kwirirani, aphunzitsi. Lenilenilo ndili nalo pano. Ine ndikufuna kwathu."

Ndi pamene ndinazindikira kuti la pa sitepe ndi lamanzere. Lomwelo.

Pobwerera, basi inandipitiriza potsikira. Ndinayenda wapansi, sindinadandaule.

Lachitatu, 12 Juni

Ndinapempha tsiku kusukulu. Ndinayamba ndi kutsuka phazi, sopo ndi kaburashi, ngati likupita kwinakwake. Mwana wathu pafoni, kutali kuntchito kwakeko: "Adadi, mulijambule kaye." Ndajambula. Pachithunzi sipakuoneka kanthu, simenti yotuwa basi. Ndinaikamo chikhatho. Lozizira. Laling'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Phazi limeneli ndi limene linkayenda m'nyumba muno mbandakucha, ine ndikunamizira tulo?

Matabwa m'mbali, zidutswa za njerwa m'kati, kusinja. Simenti, mchenga, timiyala, madzi. Fosholo ya pa phazi ndinaithira mwamsanga, nkhope kumbali. Thumba la alamu silinakwane, ndagula lina. Mwezi uno nyama tiiwale.

Amisiri a kuseri anasuzumira pampanda, n'kundibwereka mpeni womangira. Sanasunge mangawa. "Simenti ili ngati wodwala, aphunzitsi. M'mawa madzi, madzulo madzi, muifunditse masaka. Asapondepo munthu." Isanagwire ndinadutsitsapo tsache, kuti pakhale timizere, matayala asamaterereke.

Msana. Matuza m'zikhatho. Simenti yandidya khungu la m'zala. Kulowa m'nyumba tsopano ndi kukhomo la kukhitchini.

Loweruka, 15 Juni

Madzi m'mawa, chipatala masana, madzi madzulo. Mphaka wa eni ake anafuna kudutsapo, ndinamukuwiza ngati wakuba. Sindikufuna phazi la wina aliyense pamenepa.

Abwana ayamba chifuwa. Thupi latentha. Awasamutsira pa bedi la pafupi ndi tebulo la anesi, akuti kuti aziwaona bwino. Chakudya angolawa. Funso lawo limodzi: "Yauma?" Ndinati iyayi, ikufuna masiku. "Musaithamangitse. Mumapupuluma inu. Shelefu ija." Mpaka pano, shelefu ija.

Ndachapa makatani a kuchipinda. Bedi ndalikankhira kukhoma kuti chikuku chizitembenuka. Tayala lolira lija ndalithira mafuta.

Lachitatu, 19 Juni

Ndachotsa matabwa. Yagwira, gwa! Mng'alu palibe. Ndinayendapo ndekha kutsika ndi kukwera ngati mwana.

Ndinathamanga kukawauza. Kapaipi m'mphuno, milomo youma. Ndinawanong'oneza kukhutu kuti yauma, Abwana, mutha kubwera. Zikope zinagwedezeka. Kapena ndine ndinafuna kuti zigwedezeke.

Nesi uja sakusekanso ndikamaitana.

Lachitatu, 3 Julaye

Anthu apita. Mwana wabwerera kuntchito dzulo. Nyumba yakula.

Onse amene anabwera kudzandipepesa anakwera pa njira ija. Amayi ena oyendera ndodo anaiyamikira, akuti mawondo sanamve kanthu. Wina anafunsa kuti mmisiri wake ndani, akufuna yotere kwawo. Alamu ndi amene anayankha.

M'mawa uno ndinangopezeka ndili panja, ndowa yodzaza m'manja. Simenti idasiya kale kufuna madzi. Ndinathira basi.

Masana ndinati ndikabweze chikuku kwa amayi a pasitolo. Ndinachichotsa pabalaza, kuchiloza pakhomo, kuyamba kutsika. Dzanja limodzi lokha. Sichinathamange, sichinalire. Pang'onopang'ono, mofatsa, ndendende mmene ndinkafunira. Akadakhalapo sakadagwira n'komwe m'mbali. Akadapotolokera kwa ine ndi theka la nkhope lija: "Koma aphunzitsi, nenani zoona, wakuthandizani ndani?"

Chikuku chinakaima chokha pafupi ndi mpopi. Ine ndinabwerera m'mbuyo, chakumtunda, chakumanja, pamene ndikupadziwa. Palibe chooneka. Timizere ta tsache ngati pena paliponse. Ndinavula nsapato yamanzere, n'kuikapo phazi langa. Pofunda, dzuwa linali litapawomba.

Kusitolo sindinafike.