Chithunzi Chili Tsidya la Mtsinje

Lolemba, 17 Juni 2013

Mvula. Kuchipatala ndi amuna anga, a Wilf, kukamva zotsatira za sikani ya m'chifuwa. Pa phapo la kumanja pali kadontho. Dokotala wake, Mayi Sethi, ndi wamng'ono kuposa mwana wathu Lorraine. Akuti zaka ziwiri zapitazo, a Wilf atagonekedwa ndi chibayo kuchipatala cha tsidya la mtsinje, anawajambulanso m'chifuwa. Kadonthoka kakapezeka pa chithunzi chakalecho, ndiye kuti ndi chipsera chabe cha fumbi la kufakitale ya zitsulo, tiziiwale. Popanda chithunzicho, alowetsa singano pakati pa nthiti n'kutapako pang'ono. Tsiku aika kale, Lachisanu pa 28. Ndi mapapo otheratu a mdalayu, akuti phapo likhoza kuphwa ngati baluni.

Ndinati ndiye tachiyang'anani chithunzicho. Sangathe. Kale zipatala zonse zinali pa kampani imodzi yomwe boma linailemba ntchito, chithunzi chinkaoneka paliponse. Mgwirizanowo ukutha mwezi uno, chipatala chilichonse chadzipezera kampani yakeyake. Athu atenga ina, a tsidya ina. Makina awo sayankhulana, ngati ine ndi alamu anga a Beryl.

A Wilf anapepesa chifukwa chowatayitsa nthawi. Mwini phapo ndi amene akupepesa.

Lachitatu, 19 Juni

Tsiku lonse pa foni, poti a Wilf samva pa foni, analembetsa kuti chipatala chiziyankhula ndi ine. Dinani wani, dinani thuu, kanyimbo. Tsidya akuti funsani kwanu. Kwathu akuti funsani tsidya. Wina anati ndifunse kampani. Iti? Yakale ikulongedza, yatsopano sinamasule zikwama.

Ine ndinakulira pa bwato lonyamula malasha, sukulu ndinangoinunkhiza. Koma bambo anga sankataya chingwe chakale asanamange chatsopano.

Chakudya cha madzulo chapserera. Bilu ya foni sindikufuna n'kuiganizira komwe.

Lachinayi, 20 Juni

Ndinapita ndekha kuchipatala chathu. Pakhonde la ku ekisire amangapo mabaluni. Chikwangwani chachikulu: chithandizo tsopano chili pafupi ndi inu. Panali ndi keke. Bambo wina wa taye, baji ili pakhosi, anandifotokozera momwetulira kuti kusinthaku kupulumutsa ndalama zambiri ndipo mphamvu zabwerera kwa ife eni dera. Ndinamufunsa ngati mphamvuzo zingawoloke mlatho. Anati amvetsa nkhawa yanga. Anandipatsa keke. Youma.

A Wilf kudimba tsiku lonse, ngati palibe kanthu. Pobwera anati, "Hilda, usamawavutitse anthu aja, ali pa ntchito." Zaka zonsezi ndili pa banja ndi munthu amene galimoto itamugunda angafunse ngati galimotoyo yavulala.

Lachisanu, 21 Juni

Mabasi awiri mpaka tsidya. Mayi wa pa windo, a Pauline, anali ndi mtima, ndisawanamizire. Akuti zithunzi zonse zili paulendo wochoka ku makina akale, anayamba ndi zatsopano, za zaka ziwiri zapitazo zifika mwina mu Okutobala. Okutobala. Kenako anayang'ananso pa kompyuta n'kunena kuti mu Malichi, a Wilf atabwera kudzayezetsa makutu, anawapatsa chimbale cha pa kompyuta cha zithunzi zawo. Ankapatsa aliyense wa tsidya lathu, podziwa za chipwirikitichi.

Mubasi mutu waukulu. Chimbale chanji? M'nyumba muno ndimadziwa pamene pali batani lililonse.

Ndinawafunsa a Wilf pa tebulo. Anayang'ana mbatata zawo nthawi yaitali. Makutu anafiira.

"Ndimayesa n'zija amangogawa zija."

Chili kudimba. Anachimangirira pa ulusi pamwamba pa kabichi kuti chiziopseza nkhunda.

Loweruka, 22 Juni

Kudimba m'mamawa. Anthu onse a madimba a khonsolo amachita zomwezo, zimbale zili ngwee mzere ulionse, zikuzungulira ndi mphepo. Za a Wilf ndi zochuluka kuposa za onse, poti amatola ndi za anzawo. Zolemba zonse zinafufutika ndi mvula. Ndinadula ulusi n'kuponya zonse m'chikwama. A Desmond a dimba loyandikana nafe anaseka mpaka kutsokomola, akuti phapo la Wilf lagwira ntchito chilimwe chino kuposa mwini wake. Sindinaseke. A Wilf anaseka.

Lorraine anabwera ndi kompyuta yake, kuyesa chimodzichimodzi. Nyimbo za Khirisimasi. Maphunziro a Chisipanishi. Zina zakufa. Chimodzi chinaonetsa dzina la bambo ake ndi tsiku lobadwa, koma osatseguka. Chokandikakandika, cha zitosi m'mphepete. Ndachitsuka ndi sopo wa mbale, ndachikulunga m'kansalu ka magalasi. Chili m'kabati ya makapu a alendo.

Mwina singano sikhalapo. Ndikuopa kulemba zimenezi.

Lolemba, 24 Juni

Ndinachitengera kuchipatala ngati dzira. Mtsikana wa pa windo anachigwira ndi zala ziwiri. Akuti makompyuta atsopano alibe polowetsa chimbale. Makina a dzulodzulo, a ndalama zankhaninkhani, opanda kamwa. Akuti ndidikire anthu a kampani, abwera mwezi wamawa.

Ndinakhala pa mpando wa pakhomo la Mayi Sethi, ndinati sindichoka. Ine amene ndimanjenjemera pobweza mkaka wowawasa kusitolo. Bambo wa taye uja anadutsa kawiri osandiyang'ana, kumvetsa nkhawa kunamuthera.

Dokotala anatuluka masana, sangweji ili m'manja. Akuti m'chipinda cha pansi mwatsala makina amodzi akale, azimitsa Lamlungu, ayesa pamenepo. Sanalonjeze kanthu. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani chimbalecho chikununkha ndimu.

Lachitatu, 26 Juni

Zii. Foni ndaiyesa kangapo ngati ikugwira ntchito. Ndasita zovala zogonera za a Wilf, kenako ndazibweza m'dirowa, kuopa kuitana tsoka. Kenako ndaziikanso m'chikwama cha kuchipatala.

A Wilf alibe nkhawa, akuimba mluzu. Auza kale a Desmond kuti Lachisanu akathandiza kumanga mpanda. Akuti fumbi lija analimeza zaka makumi atatu, chipsera chikhala bwanji chachilendo. Kwa nthawi yoyamba ndikufuna kuti akhale olondola.

A Beryl anaimba. Msuweni wa mnzawo anamwalira ndi singano yomweyo. Zikomo kwambiri, a Beryl.

Lachinayi, 27 Juni

Aimba. Mayi Sethi eni ake, osati mlembi. Nditangomva mawu awo ndinakhala pansi pa masitepe.

Chimbale chatseguka. Zithunzi zonse zaoneka bwinobwino, akuti ndinachita bwino kulimbikira. Phapo la kumanja zaka ziwiri zapitazo linali loyera. Panalibe kadontho. Panalibe chipsera.

Ndiye ndi chatsopano. Singano mawa, asadye kanthu m'mawa. Anatchulanso za gulu la madokotala amene adzakhale pansi sabata yamawa, anatchula ndi liwu lija, khansa. Ndinati zikomo. Ndinapepesanso powavutitsa, ine.

Sabata yonse kutukwana anthu kuti akundibisira chithunzi. Ndachithamangira ndekha, ndachitsuka ndi manja angawa.

Lorraine sakuyankha, ali ku ntchito. Ndiyambe ndi mawu ati? Ndiwasiye a Wilf adye kaye? Ndaphika nsomba, amaikonda. Ndikuwaona pa windo, akubwera ndi njinga yawo, letesi ali m'basiketi, akuyankhula ndi galu wa eni ake. Akutsegula geti