Hatchi ya abwana ikudzikanda

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, kungoti mwezi uno ndakhala woimbidwa mlandu.

Kukhola la mahatchi komwe ndimagwira ntchito, kuseri kwa tauni ya Germantown kuno kutsidya kwa nyanja, hatchi ya abwana inayamba kudzikanda pampanda mpaka ubweya kuthothoka, zilonda mbwee. Tinasintha sopo, tinasintha udzu, tinachapa bulangete lake. Inde, ili ndi bulangete. Dokotala wa ziweto anaitenga magazi, pomwe ine chibwerereni kuno palibe anandiyezapo.

Tsiku lina abwana anandiona nanenso ndikukanda mkono. "Kodi kwanu mwapitako posachedwa?" anafunsa akumwetulira. Basi, akuti ndikhale kaye kunyumba mpaka zidziwike. Munthu wa digiri, kundiganizira kuti ndapatsira hatchi mphere!

Lachisanu dokotala uja anasuzumira m'kakhola kogundana ndi chipinda cha hatchiyo, momwe abwana amasungamo nkhuku zawo zokhala ndi maina. Achemwali, utitiri! Womwe uja unkatisowetsa tulo kwa amalume ku Dowa. Ine ndinkadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osauganizirako. Ndinkati utitiri viza ungaipeze kuti?

Kuntchito ndabwerera. Kupepesa kwake, abwana akuti poti ndinakula ndi nkhuku, kakholako ndizikolopa ndine.

Chonde, amayi akafunsa, muziwauzabe kuti ndili ku ofesi. Mundipempherere mtima wautali, ndipo Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yamikani